Nyimbo Yochedwa M'waya

Sendezani mipando kuno, mbaulayi ikadali ndi moto ndipo magetsi sabwera msanga. Mwandifunsa chifukwa chake waya wa intaneti kunyumba kwathu amadutsa m'mwamba, kuzungulira kutali ngati chingwe choyanikira zovala, pomwe kwa anzathu onse amadutsa pansi. Ndikuuzani. Koma kamwana kagona pamiyendo panuko mukafunditse kaye.

Chaka chimene mkazi wanga Ulemu anapita ku Mzuzu kukaphunzira unamwino, mwana wathu Sungeni anali atangoleka kuyamwa. Ntchito yanga ndi ya pa kompyuta, ndimagwirira kunyumba, choncho tinagwirizana kuti mwana atsale ndi ine. Tinkachita lendi kuseri kwa Lunzu, kumene minda yakale ikusanduka mapuloti. Nyumbayo ili m'chigwa. Netiweki ya foni imathera kumtunda, pamsewu wafumbi, ndipo ukafuna kuyimbira munthu umakwera pachulu n'kutukula mkono. Sitikanatha kumakweza mwana pachulu madzulo alionse kuti aone mayi ake. N'chifukwa chake tinaitana a kampani kuti atikokere waya kuchokera pa pholo la kumsewu kudzafika pa modemu, kabokosi ka tinyali kaja, pabalaza.

Eni nyumba anali Mayi Nangondo, amene ankakhala m'nyumba yaikulu pampanda womwewo. Anabadwira pamalopo kusanabwere njerwa. Ndi mayi wogulitsa tomato, wa mawu omveka tsidya la msika, ndipo sankandiona nditabereka mwana osandiseka. Ankati ndimamanga chitenje ngati ndikumanga mtolo wa nkhuni, ndiponso kuti madzi a mwana ndimawiritsa mpaka atapepesa. Zinali zoona. Ndine munthu wamantha pa za mwana. Ndinkadzuka kukaika chala pamphuno pake kuti ndimve mpweya.

Sabata imene anyamata okumba anabwera, Mayi Nangondo anali ku Ntcheu kooda tomato. Anyamatawo anayang'ana pholo, anayang'ana nyumba, n'kuona kuti njira yachidule ndi yodutsa kuseri, pansi pa mitengo ya masuku pamene panali pasanagwepo khasu. Anakumba kangalande kosafika m'bondo, anayala waya, anakwirira, anamwa thobwa n'kumapita.

Mayi Nangondo atabwerako anaona mzere wa dothi latsopano uja. Anatula dengu. Anaima nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti amene anawalozera anyamatawo podutsa ndani. Ndinati palibe, anasankha okha. Anatsegula pakamwa, anandiyang'ana ine, anayang'ana mwana kumbuyo kwanga, n'kutsekanso. Anasenza dengu lawo n'kulowa m'nyumba mwawo. Ndinkayesa akwiya chifukwa sitinapemphe.

Masiku oyambirira zonse zinali bwino. Dzuwa likamalowa ndinkamusambitsa Sungeni, kumudyetsa phala, n'kumukhazika pamiyendo kutsogolo kwa kompyuta. Ulemu ankaoneka bwinobwino, mpaka kachipsera ka pachibwano pake. Ankacheza naye pang'ono, kenako ankamuyimbira kanyimbo kopeka yekha, konena kuti dzuwa lapita kukatunga madzi ndipo libwera mawa ndi chikho chodzaza. Sungeni ankagwira galasi la kompyuta ndi chikhatho chonse, n'kugona.

Kenako intaneti inayamba kuchedwa.

Masana sinkavuta. Ntchito yanga inkayenda, ndikayeza liwiro linkakhala lokwanira. Pocheza ndi Ulemu chithunzi chinkangogwedera pang'ono. Koma akangoyamba kuyimba, kabwalo kaja kosonyeza kuti intaneti ikuchedwa kankabwera pakati pa nkhope yake n'kumazungulira. Nkhope inkauma, pakamwa pali yasa, maso ali theka. Mawu ankafika mochedwa, ofooka, ngati munthu akuyimbira m'chitsime. Mawu ena sankafika n'komwe. Dzuwa linkapita kukatunga, koma madzi aja osamveka.

Ndinachita zonse zimene munthu amachita. Ndinazimitsa modemu, kuzula pulagi, kudikira, kuyatsanso. Ndinalimbitsa pamene waya amalowera kumbuyo kwake, ndinauzira fumbi. Ndinaichotsa pansi n'kuiika pamwamba pa kabati, kutali ndi wailesi. Ndinalumikiza kompyuta ndi kachingwe mwachindunji kuti isadalire za mumphepo. Nditaganiza kuti mwina anyamata a pafupi akundibera, ndinasintha pasiwedi n'kuika yaitali moti ndinkaiiwala ndekha. Sizinathandize. Nthawi ya nyimbo ikakwana, kanyali kobiriwira kamene kamayenera kuyaka chiyakire kankayamba kuphethira pang'onopang'ono, kuzima, kuyaka, kuzima, mofanana ndi mmene chifuwa cha mwana chimakwerera akagona.

A kampani ananditumizira mmisiri, bambo wina wamfupi, wansangala, dzina lake a Chikaonda. Anafika pa njinga yamoto masana, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mbali zonse. Anayamba ndi kundifunsa ngati ndinazimitsa n'kuyatsanso, ndipo nditawafotokozera zonse zimene ndinachita anaseka n'kunena kuti ndikawalanda ntchito. Anasintha modemu n'kuika yatsopano. Anakwera pa pholo ndi makina awo oyezera, anatsika, anadzayeza pakhoma la nyumba. Anakanda kumutu. Anati kumsewu siginolo ndi yodzaza, koma ikamafika kuno yatsala theka, ndiye kuti penapake pansipo ikudontha. Mwina madzi alowa m'waya, mwina chiswe, mwina mbewa zatafuna. Anatsata mzere wa dothi uja kulowa pansi pa masuku. Sanakhalitseko. Anabwerako akupukuta m'khosi, kuseka kuja kutachepa.

“Bwana, muli ndi ana angati?”

“Mmodzi yekha. Wagona mkatimo.”

“Oo. Ndimayesa alipo angapo.”

Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati palibe, kutenthaku kumasokoneza makutu. Analonjeza kuti atumiza okumba kuti adzafukule waya, koma mzere wa anthu odikira ndi wautali. Thobwa limene ndinawathirira analisiya theka.

Nthawi imeneyo m'nyumba munayamba kusowa tinthu. Sokosi imodzi ya Sungeni. Kasupuni kake ka pulasitiki. Kansalu kopukutira dovu kamene ndinayanika pampando. Ndinasesa pansi pa bedi, ndinakhuthula dengu la zovala, osapeza. Pamene waya amalowera m'khoma panayamba kumveka fungo la dothi lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Nthawi zina fungolo linkasanduka la mkaka.

Tsiku lina madzulo ndikuchokera kokagula makala, Sungeni ali kumbuyo, ndinakumana ndi mayi wina panjira yotsikira kuchigwa. Anali wopanda nsapato, atavala chitenje cha maluwa amene sindinawaonepo pamsika, ndipo anafukata kanthu kakang'ono kokulunga m'nsalu. Ankayenda mofatsa, kuyang'ana pansi. Ndinapatuka n'kupereka moni. Sanayankhe. Podutsana nafe mphepo inali zii, ngati watsegula chitseko cha firiji. Sungeni anatembenuka m'chitenje n'kutambasulira mkono kanthu kofukatidwa kaja, akuseka kuseka kumene amasekera ana anzake. Nditacheuka ndinangoona fumbi lofiira la madzulo likuyandama panjira, ndi nkhuku ikuwoloka.

Sindinamuuze Ulemu. Anali ndi mayeso, ndipo sindinafune kumutopetsa ndi za m'mutu mwanga. Koma iye ndi amene anayamba. Anandifunsa ngati ndimaitana ana a pafupi kuti azidzamvera nyimbo. Ndinati ayi. Anati akamaliza kuyimba amamva kupuma kwa ana ambiri, kupuma kofewa, kwina kofulumira kwina kochedwa, ndipo nthawi zina kaphokoso ka milomo. Anati nyimbo yaifupi ija masiku ano imamutopetsa ngati wachapa tsiku lonse. Atazengereza, anatsitsa mawu n'kundiuza kuti mawere ake, amene anauma kalekale, ayambanso kudontha, moti amaika nsalu mkati mwa yunifolomu.

Ndipo Sungeni anayamba kugona kwambiri.

Poyamba ndinasangalala, chifukwa ntchito inkayenda. Koma tulo take tinatalika. Ankadzuka dzuwa litakwera, kudya masupuni angapo, n'kukwawira kukhoma pamene pamalowera waya. Ankatsamiza tsaya pasimenti n'kugona pomwepo, milomo ikuyenda. Mwana amene ankagwetsa mabuku anga ndi kuthamangitsa mphaka ankangondiyang'ana mochedwa. Ndikamuitana, dzina linkatenga nthawi kuti limufike. Ankatembenuka ine nditasiya kale kuitana, n'kumwetulira kumwetulira kwa chinthu chimene chinapita kale. Ngakhale kulira anasiya.

Ndinathamangira naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, palibe. Thupi silinali lotentha, magazi anali okwanira, sikelo sinatsike kwenikweni. Anandiuza kuti ana akamakula amagona, ndizimupatsa madzi ambiri chifukwa cha kutentha, ndipo ndibwerenso zikapitirira. Pobwerera, tili kumtunda, Sungeni anadzuka n'kuyamba kusewera ndi khutu langa. Titangotsikira m'chigwa mutu wake unalemera pamsana panga.

Madzulo amenewo nyimbo inachedwa kuposa kale. Ulemu anauma pagalasi nthawi yaitali, ndipo mawu ake ankatuluka limodzilimodzi, otalikirana ngati madontho a pampopi wotseka. Pamapeto anatsanzika, chithunzi chinazima, ndinatseka kompyuta. Koma nyimboyo sinathe. Inkapitirirabe chapansipansi, osati m'kompyuta koma m'khoma, kapena panja kuseri, sindinathe kudziwa. Anali mawu a Ulemu ndithu, zidutswa zija zimene sizinkatifika. Madzi, chikho, mawa. Sungeni ali m'tulo anayankha ndi kamawu kapakhosi.

Kutacha ndinati sindidikiranso okumba a kampani. Maganizo anga anali akuti ndikapeza pamene waya wawonongeka n'kupamata, zonse zibwerera m'malo mwake, chifukwa zonse zinayamba ndi wayayo. Ndinamusiya Sungeni akugona pamphasa, ndinatenga khasu la Mayi Nangondo pakhonde, n'kupita kuseri.

Pansi pa masuku panali mthunzi wozizira. Nyenje zimene zinkasokosa ponseponse apo sizinkamveka. Masuku akupsa anali mbwee pansi, osatoledwa ndi mwana kapena mbalame. Ndinapalasa dothi mosamala mpaka waya anaonekera, kenako ndinasiya khasu n'kumafukula ndi manja. Waya sanaduke, sanatafunidwe ndi mbewa, chiswe panalibe. Koma anali wofunda ngati mkono wa munthu, ndiponso wonyowa. Chikopa chake chakuda chinali chofinyika malo ndi malo, timaenje tosalala, mofanana ndi mmene chala chimakhalira ukachichotsa mkamwa mwa mwana wopanda mano. Pambali pake, m'dothi, panali sokosi ya Sungeni. Patsogolo pang'ono, chogwirira cha kasupuni.

“Chotsanipo manja.”

Anali Mayi Nangondo. Sindinawamve akubwera. Mawu awo aakulu aja anali atasanduka onong'ona. Anandigwira paphewa n'kundikokera kunja kwa mthunzi, ndipo sanayankhule mpaka titafika padzuwa.

Anandifotokozera akuyang'ana kumbali, monga mmene mayi amauzira mkamwini zinthu zosayenera kumuuza. Anati pansi pa masukuwo ndi pamene amayi a m'deralo, kuyambira kale, ankaika ana a mtayo, ana obadwa atafa kale kapena omwalira asanatuluke m'chikuta. Ana otere saikidwa kumanda a anthu onse. Amapita nawo amayi okhaokha, mwakachetechete. Sakumba mozama, poopa kukwirira mimba ya mayiyo kuti asadzaberekenso. Saunjika mtumbira, saika chizindikiro, ndipo salira. Amuna sauzidwa malo ake. N'chifukwa chake anyamata okumba, ngakhale ena anabadwira komweko, sanadziwe chimene akudutsa. N'chifukwa chakenso iwo atabwera ku Ntcheu n'kupeza m'nyumba muli mwamuna yekha, lilime linawalemera. Ankayembekeza kuti Ulemu abwere patchuthi kuti adzamuuze iye.

“Ana amenewo sanayimbiridwepo,” anatero. “Sanamvepo mawu a mayi kunja kwa mimba. Ndiye inu mwawadutsitsira nyimbo pakamwa madzulo alionse. Mukanakhala inu mukanaisiya ipite?”

Ndinati basi, ndikadula wayayo pompano ndi chikwanje. Anandigwira padzanja mwamphamvu.

“Bambo a Sungeni, munayamba mwatsomphola bere mkamwa mwa mwana ali mkati moyamwa? Amaluma, ndipo sataya chimene wagwira m'manja. Wanuyo akhala akusewera naye. Mukadula tsopano atsalira komweko.”

Ndinathamangira m'nyumba. Sungeni anali atachoka pamphasa, ali pakhoma paja, tsaya pasimenti. Ndinamunyamula. Anali wolemera ndi wofewa ngati nsalu yonyowa. Ndinamuitana, ndinamupukuta kumaso ndi madzi ozizira, ndinamutsina pang'ono kuphazi. Sanadzuke. Mpweya unalipo, koma wotalikirana, moti pakati pake ndinkayamba kuwerenga. Milomo yokha ndi imene inkayenda.

Ndinatenga chitenje kuti ndithamangire kuchipatala. Mayi Nangondo sananditsekereze. Anangonena kuti ndikhoza kumunyamula kupita naye kulikonse, koma ndikhala nditanyamula theka. Anatuma munthu kukaitana wa njinga yamoto kuti adzaime pageti, injini ili chilirire, ndipo anandipempha kuti ndiwapatse nthawi mpaka mthunzi wa nyumba utafika pa sitepe ya khonde. Ukafika mwana asanadzuke, adzakwera nane njingayo iwo omwe. Ndinayang'ana mthunziwo, ndinayang'ana mwana. Ndinavomera, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mphamvu yovomerayo ndinaitenga kuti.

Ndinamuyimbira Ulemu pa kompyuta. Anatuluka m'kalasi n'kukaima kuseri kwa chipinda china. Mayi Nangondo anawerama pagalasi n'kumuuza mawu ochepa chabe, otsika, amene ine sindinawamve onse. Ulemu sanafunse funso. Anaika dzanja pachifuwa n'kugwedeza mutu, ngati akumva chinthu chimene thupi lake linkachidziwa kale.

Amayi ena anayamba kufika, achikulire ndi apakati, ena ndinkawaona kumsika ndi kutchalitchi. Anavula nsapato pageti. Panalibe wonyamula khasu. Sanandipatse moni ndipo sanayang'ane m'nyumba, anangodutsa m'mbali mwa khoma mmodzimmodzi kupita kuseri. Mayi Nangondo anatseka makatani onse n'kundiuza zochita. Ndikhale pansi, mwana pamiyendo. Ndisasuzumire panja. Ndisalire. Ndisatchule dzina la mwana, womuitana ndi mayi ake nthawi ikakwana. Ulemu ayimbe osalekeza mpaka onse atakhuta n'kugona, pakamwa patalekerera pokha, ndipo pamenepo amayiwo adzasolola waya pang'onopang'ono. Anatuluka n'kukoka chitseko.

Ulemu anayamba kuyimba.

Kabwalo kaja kanabwera nthawi yomweyo. Nkhope yake inauma, maso ali chotseka. Mawu ankafika patalipatali, ndipo pakati pake m'nyumba munkakhala bata lolemera. Kanyali ka modemu kankayaka ndi kuzima pamwamba pa kabati. Kuwala kwa masana kunkadutsa m'makatani kofiirira, fumbi likuyandama mmenemo osatsika. Malata ankathetheka ndi kutentha. Sindikudziwa ngati ndinasinza. Ndikukumbukira kuti simenti imene ndinakhalapo inayamba kufewa ngati mchenga wozizira, ndipo pamwamba panga pankamveka masamba m'malo mwa malata. Fungo la masuku akupsa linadzaza m'nyumba.

Kenako china chake chinanditsamira pantchafu. Chinali chaching'ono, chofunda, chosalemera kuposa nkhunda. China chinanditsamira kumsana. China paphazi, china m'chigongono pafupi ndi mutu wa Sungeni. Sindinayang'ane. Maso ndinawaika pa nkhope youma ya mkazi wanga. Ndinkamva kupuma kwawo kudzera m'malaya, kwina kofulumira ngati kwa mwanapiye. Mantha anga onse aja, a madzi osawiritsa ndi udzudzu ndi mpweya wausiku, anangokhala phee pambali, ndipo chimene ndinamva chinali chisoni chachikulu chopanda dzina. Misozi inafika m'maso. Ndinaimeza.

Ulemu anayimba, kubwereza, kuyimbanso. Mawu ake anasasa. Nyimbo ija itamuthera anayamba kuwonjezera zake zina, kuti mwezi wayala mphasa, kuti mbuzi zalowa m'khola, kuti amayi ali pompano sapita kutali. Kunja sikunkamveka chilichonse, ngakhale phazi. Pansi pa chitseko ndinkaona kamzere ka dzuwa kakuchepa, ndipo ndinadziwa kuti mthunzi ukuyandikira sitepe. Pageti njinga yamoto inkangolira chapansipansi.

Chimene chinanditsamira paphazi chinayamba kulemera, monga amalemerera mwana tulo tikamugwira, kenako sindinachimvenso. Chakumsana chinatsatira. Nthawi iliyonse chimodzi chikachoka, mawu a Ulemu ankayandikira. Mipata inafupika. Nkhope yake inayamba kuyenda, modukizadukiza poyamba, kenako bwinobwino. Ndinaona thukuta pamphumi pake ndi madontho awiri akuda pachifuwa cha yunifolomu. Chinatsala chimodzi chokha, cha m'chigongono chija, ndipo ndinkamva kuti chagwira dzanja la Sungeni, chifukwa kadzanjako kanali kotambasuka m'malere, zala zitapinda pa chinthu chimene panalibe. Chinakana nthawi yaitali. Ulemu anatsitsa mawu mpaka anangotsala ong'ung'udza. Pang'onopang'ono zala za Sungeni zinatseguka, dzanja linagwera pamimba pake.

Kanyali kanayaka chiyakire. Mawu a Ulemu anafika onse nthawi imodzi, oyera, ngati ali m'chipinda momwemo.

“Sungeni. Sungeni mwanawe, anzako agona. Bwera kunyumba.”

Atangotero chithunzi chinazima ndipo kanyali kanasanduka kofiira. Amayi aja anali atasolola waya.

Mwana anali chigonere pamiyendo panga. Simenti inali simenti. Nyenje zinayambanso kulira panja. Ndinaika chala pamphuno pake. Kwa kanthawi sindinamve kanthu. Kenako chifuwa chake chinakoka mpweya wautali, nkhope inakwinyika, miyendo inaponda m'mimba mwanga, ndipo analira. Kunali kulira kwaukali, kwa njala, kwa mwana amene wadzutsidwa pakati pa masewera. Anandimenya pachibwano ndi kachibakera.

Ndinaimirira n'kuyamba kumugwedeza, kumusisita kumsana, kumuuza kuti atonthole. Chitseko chinatseguka. Mayi Nangondo anaima pamenepo, dothi lili m'manja mpaka m'zigongono, mpango utapendekeka. Kumbuyo kwawo amayi ena aja ankavala nsapato pageti, osayankhulana, aliyense kulowera kwake.

“Musamutonthoze msanga,” anatero.

Ndinawayang'ana osamvetsa.

“Mwana wanga wachiwiri ali pansi pa masuku paja. Sanalire pobadwa, ndipo ine anandiletsa kumulira. Mulekeni uyu alire pang'ono.”

Ndinasiya kumugwedeza. Mayi Nangondo anatembenuka n'kukhala pa sitepe ya khonde, mumthunzi, msana atatilozetsa ife, manja adothi ali pamaondo. Anakhala pomwepo, akumvetsera, mpaka Sungeni atamaliza yekha.